Michira ya Zilembo za a Morris

A Pearson anatsegula bokosi la mabulashi pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti mutuluka njoka. Chimene chinatuluka ndi fungo la penti ndi palafini. Linadzaza khonde lonse, ndipo a Martha, amene anakhala pamphasa atamanga duku kumutu kometedwa kumene, anatembenukira kukhoma. Limenelo linali fungo la amuna awo. Maliro anali atatha, kumeta kunachitika dzulo lake, alendo anali atabalalika, koma fungo lokhalo linakana kupita kumanda.

"Izi n'zantchito, ndisunga ine," anatero a Pearson, n'kutsekanso bokosilo. "Njinga ipita kwa Aleck. Jekete ndi nsapato tipereka kwa amalume a ku Thyolo."

Esther, mwana yekhayo wa malemu, amene anabwera kuchokera kubanja kwake ku Zomba, ankangopinda ndi kupindanso malaya a bambo ake, aja a madontho a penti osachoka.

A Pearson Mulipa ndi malemu a Morris anabadwa mimba imodzi, koma mukanawaona simukanavomera. A Pearson, aakuluwo, anali mkulu wa mpingo, ndipo ankalemba manambala pamabogi kukampani ya njanji ku Limbe. Ntchito yawo inali ya malata oboola: kuika lata pabogi, kupaka penti, kuchotsa, nambala yatuluka, ya lero ndi ya mawa chimodzimodzi. Munthuyo naye anali wotero, ngakhale kuseka ankaseka moyeza. A Morris ndiye ayi! Iwo ankalemba zikwangwani za masitolo, kuyambira ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, ndipo zilembo zawo sizinkadziwa kuima chilili. O wawo anali wamimba ngati akuchokera kuukwati, R ankaponya mwendo kutsogolo, A ankavala chipewa chopendama. Tsono chilembo chomaliza cha dzina lililonse chinkakhala ndi mchira wautali wopiringizika kunsonga. Ana a sukulu anafika powatcha a Michira, eni ake n'kumavomera, kuwavulira chipewa anawo.

"Yatsala nkhani ya nyumba," anatero a Pearson atakhosomola. "Mwambo mukuudziwa, alamu. Tameta, takusudzulani, ndinu mfulu. Malo ano a ku Bangwe ndi a mayi athu, Morris anangomangapo. Aleck ndi mwana wa mlongo wathu, akukwatira posachedwa, alowa muno mvula isanagwe. Inu kwanu ku Muloza kuli abale."

"Abale ati, bambo aakulu?" Esther anaponya malaya aja pamphasa. "Agogo anamwalira kale. Achimwene a amayi ali m'malayini a tiyi, chipinda chimodzi ndi ana awo onse. Amayi anachoka ku Muloza ine ndisanabadwe! Njerwa za nyumba ino anasenza ndi mutu wawo womwe mwaumetawu."

"Iwe Esther, nkhani iyi si yako."

"Ndiye ndi ya yani? Ya Aleck, woti pamaliro anangobwera kudzadya?"

"Esther!" anatero a Martha motsitsa mawu, ndipo mwanayo anatolanso malaya aja pamphasa.

Koma mumtima a Martha ankaopa, kuopa kwenikweni. Ku Muloza kunalibe kanthu kawo. Kuno kunali mtengo wa mapeyala umene anabzala okha, kunali khoma la kuseri kumene a Morris ankayesera mitundu ya penti mpaka linasanduka ngati nsalu ya pa Khirisimasi. Zoti adzadzuke m'mawa wina osaliona khomalo sizinkawalowa m'mutu.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kumpanda. Anali a Nooruddin, Mmwenye wa sitolo ya nsalu ku Limbe, munthu wobadwira momwemo, wa Chinyanja chosalala kuposa cha aphunzitsi ena. Pamaliro anabwera, anaima kumbuyo atagwira kapusi m'manja mpaka mapemphero anatha. Lero anabwera ndi shuga ndi masamba a tiyi. Anapereka, anapepesa, anakhala pampando, kenako n'kuyamba kuzunguza kapusi uja pabondo.

"Ndili ndi manyazi kunena izi panthawi ngati ino," anatero. "Mukudziwa ndasamukira msewu wina, sitolo yatsopano tikutsegula Loweruka. A Morris amalemba dzina langa pakhoma, pamwamba pa khonde. Chiperoni chija chinawapeza pamakwerero, ndinawauza kuti tsikani bambo, akuti ayi, penti ikadali yonyowa. Chibayocho anachitengera pomwepo. Dzina lonse analemba, chatsala chilembo chomaliza chokha. Mwana wanga akuti tifute zonse, tiitanitse chikwangwani cha malata ku Halale, poti masiku ano a Chitaganya zimenezo zikungobwera pasitima, zosalala, zowongoka. Koma ine mtima ukukana kufuta dzanja la mnzanga."

A Pearson anawongola msana. Pankhani ya udindo ndiye panali pawo.

"Ntchito ya mng'ono wanga sitsala panjira ine ndili moyo. Ndibwera mawa m'mawa. Chilembo chimodzi si ntchito."

"Ndi mchira womwe, bambo Mulipa?"

"Michira ndi ya anyani," anatero a Pearson. "Ndikulemberani chilembo cha ulemu."

A Nooruddin anayang'ana pansi. Apo ndi pamene a Martha anatembenuka kuchoka kukhoma kuja.

"Ndipita nawo," anatero. "Penti ndimawasakanizira ndine. Kufiira kumene amagwiritsa pamenepo simungakupeze m'chitini."

Kutacha kunali chiperoni ndithu, kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Anatsika phiri atatu: a Pearson patsogolo ndi ambulera, lula ndi chingwe zili m'thumba la jekete, Esther atasenza bokosi, a Martha pambuyo atafunda shawelo. Aka kanali koyamba kuti atuluke pakhomo chimwalirire amuna awo.

Abale inu, kuyenda mu Limbe tsiku limenelo kunali kuyenda ndi a Morris. Paliponse analipo. Pa telala Bhupendra, zilembo zinali zosokedwa ndi timizere tating'ono ngati ulusi, sizasi itatsegula kukamwa kumapeto. Patiyirumu ya a Mohamedi, zilembo zinkatuluka nthunzi. Pabutchala, B anali ndi nyanga. Kwa wokonza njinga, ma O awiri anali matayala, lina lophwa dala. Mayi wochokera kumudzi, woti sanaponde m'kalasi, ankatha kuima patali n'kunena kuti apo pali nyama, apo pali tiyi. A Martha ankaima pa chilichonse, kukweza maso, n'kupitirira.

"Taonani zimenezi," anadandaula a Pearson, akuloza tayala lophwa lija ndi ambulera. "Munthu wa dzanja labwino chonchi, kuthera moyo wonse pa zibwana. Ndinamuuza kangati kuti ndimupezere malo kunjanji? Ine ndinamupempha kanthu kamodzi kokha, kachikwangwani ka pageti panga kumalayini. Ndinati, Morris, P. MULIPA, zilembo zowongoka, ine ndine mkulu wa mpingo. Analemba zowongoka, inde, koma pa A womaliza n'kuikapo kamchira! Kundichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Akamadutsa amati wawa a Michira aakulu."

Zinali zoona. Chiyambire kamchira kameneko, a Pearson anasiya kukwera ku Bangwe, kupatula pamatenda ndi pamaliro. Sanayambane poyera, ayi. Anangosiya, chaka n'kumagwira chinzake. Kachikwangwaniko sanakachotse, poti thabwa linali la mlombwa ndipo iwo sanali munthu wotaya chinthu.

Sitolo yatsopano ya a Nooruddin inali pamsewu wotsikira kusiteshoni, ikununkha laimu. Pamwamba pa khonde dzina linali litayalidwa mofiira, mthunzi wake wachikasu, zilembo zotsamirana ngati anthu operekeza mkwatibwi. Ma O awiri aja anagundanitsa mimba. Kumapeto kunali malo opanda kanthu, ndi timizere ta choko tosonyeza pokhala N womaliza. Makwerero anali pomwepo, pamene mwini wake anawasiya.

A Martha anakhala pansi pakhonde, anathira kufiira m'kachitini, anadonthezamo kachikasu, n'kutakasa ndi kamtengo mpaka mtundu unafanana ndi wa pakhoma. A Pearson anavula jekete, anakwera. Anafuta choko cha mng'ono wawo ndi chikhatho, anayeza ndi lula, anakoka chingwe, analemba. Dzanja anali nalo, tisawanamizire. N anatuluka woyera m'mbali, wosadontha, wowongoka kuti ndi! Koma pafupi ndi anzake aja anaoneka ngati wapolisi amene wafika pagule.

A Nooruddin anabwerera m'mbuyo mpaka mumsewu, anapendeka mutu uku ndi uku.

"Chabwino ndithu," anatero mwaulemu. Kenako anaseka okha. "Mukudziwa, akanakhala a Morris, pano ndi pamene akanatsika. Chilembo chomaliza akachimaliza thupi, ankatsika, n'kukaima pakati penipeni pa msewu. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kuyatsa fodya. Tsiku lina lole inawaimbira hutala mpaka dalaivala anatsika kudzawatukwana, iwo osasuntha. Akatero ankakweranso, n'kukoka mchira kamodzi kokha, osayamba aujambula ndi choko. Ndipo sumawauza kolowera. Bhupendra anafuna wake upite kumanja ngati wa pasitolo yanga yakale, a Morris anakana, anati wanu ubwerera kumanzere, pansi pa dzina, mukapanda kufuna itanani wina. Anakangana tsiku lonse! Mpaka lero sindimvetsa chimene ankayang'ana mumsewumo."

"Matama basi," anatero a Pearson ali pamakwerero. "Kufuna anthu amuone."

"Sanali matama, alamu."

Anali a Martha. Anali akadatakasa penti ija, ngakhale inali itasakanizika kale.

"Amayang'ana kunyumba."

Onse anawatembenukira. A Martha anaika kamtengo pansi, anakonza duku.

"Pamene a Morris anandikwatira n'kubwera nane kuno, ine ndinali kamtsikana ka ku Muloza. Makolo anga anali atangowoloka kumene malire kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Chinyanja ndinkachidziwa chosweka, ndikayankhula anthu ankaseka, amvekere Anguru awo. Sukulu ndiye musanene. Tsiku lina anandituma kudzagula ulusi kuno ku Limbe. Ndinagula bwinobwino. Pobwerera, misewu yonse inangofanana, masitolo onse makonde amodzimodzi. Kufunsa ndinkachita manyazi. Ndinazungulira mpaka miyendo inatupa, anakandipeza kusiteshoni dzuwa litapendeka, ndikulira ngati mwana, ulusi uli m'manja. Ndinawauza kuti bambo, ndibwezereni kwathu, tauni yanuyi sindiitha."

Esther anali atatsitsa bokosi, atagwira pakamwa. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Iwo anangoseka. Akuti, iwe Marita, sudzasoweranso. Zilembo zisiye, n'za eni ake. Iwe uzingoyang'ana mchira. Kumene waloza, uzipita komweko, ukapeza wina, nawonso uulondole, ukafika pakhomo. Nthawi imeneyo anali atalemba masitolo owerengeka chabe. Anayenda usiku ndi usana kupempha ntchito m'makona onse, ena kuwalembera ulere, kuti pasakhale mphambano yopanda mchira."

Esther anathamangira mumsewu. Anayang'ana tsidya lina: mchira wa patiyirumu, wa pabutchala, wa wokonza nsapato, yonse inapita kumanja. Anatembenuka kuyang'ana mbali yawo: yonse inabwerera kumanzere. Mbali ziwiri zosiyana, koma nsonga zonse zinaloza kumodzi, kumene phiri la Bangwe linabisala m'nkhungu.

"Mayo ine, ababa!" anatero Esther, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

A Nooruddin anawomba m'manja. "Ha! Zaka zonsezi ine ndimayesa akukometsa dzina langa, kani munthu akulozera mkazi wake njira pakhoma langa! Ndipo ndinkawathokoza, kuwapatsa tiyi!" Anaseka mpaka anavula magalasi, n'kumapukuta maso ndi kapusi, ndipo kupukutako kunatenga nthawi yaitali kuposa kusekako.

A Pearson sanaseke. Anali akadali pamwamba, bulashi m'manja.

"Koma njira munaidziwa pambuyo pake," anatero.

"Kalekale. Ndingathe kuyenda mu Limbe nditatsinzina. Ndinawauza kuti basi bambo, siyani, anthu akukusekani. Akuti dzanja linazolowera, likafika kumapeto limafuna kunyumba." A Martha anakweza maso kwa alamu awo, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana kumaso chiyambire maliro. "Ine sindikukana mwambo, alamu. Mphamvu zokanira ndilibe. Koma ndikuopa, ndipo sindikufuna kupita. Mukanditumiza ku Muloza, michira yonseyi izilozera yani?"

Kamvula kankagwa padenga la khonde. A Pearson anayang'ana bulashi, anayang'ana N wawo wowongoka uja. Munthu akapanikizika amagwira pena, nawonso anagwira pena.

"Nanga wa pageti panga? Inu kumalayini munkabwera kangati kuti musokere? Umenewo unali mwano chabe."

"Umenewo sunali wanga."

"Unali wa yani?"

"Wanu. Tsiku limene anaulemba anabwera kunyumba, anakhala pakhonde osadya. Akuti, achimwene anayamba kuiwala njira ya kwathu, akungodziwa ya kutchalitchi ndi ya kuntchito. Ndawaikira kamchira pageti. Mwina tsiku lina potuluka adzakaona, n'kukalondola."

Ngolo ya makala inadutsa, mwini wake akuimba mluzu. A Pearson anaima pamakwerero paja ngati aiwala chimene anakwerera. Ankaona geti lawo, kathabwa ka mlombwa, kamchira kaja kamene ankakadutsa m'mawa uliwonse nkhope ili kumbali. Kankaloza kumanzere. Iwo m'mawa uliwonse ankakhotera kumanja. Chisoni chinawagwira, chisoni chenicheni cha mng'ono wawo, chimene pamanda sichinabwere chifukwa anali otanganidwa ndi kulongosola mwambo.

Anatsika. Esther anayesa kuti akwiya, anapatuka. Koma iwo anamupitirira, anatuluka m'khonde opanda ambulera, n'kukaima pakati pa msewu. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Wanjinga wina anaimba belu, anawazungulira akung'ung'udza. Mkulu wa mpingo, malaya oyera akunyowa, anangoima mpaka nkhungu inang'ambika pang'ono, phewa la phiri n'kuonekera.

Anabwerera. Anatulutsa lula m'thumba la thalauza, n'kumupatsa Esther.

"Alamu, tandigwirirani makwererowa."

A Martha anaimirira, anagwira ndi manja awiri, phazi limodzi pa thabwa la pansi, monga ankachitira kale Esther asanabadwe. A Pearson anakwera, ananyika bulashi, anaika nsonga yake pamwendo wa N. Dzanja limene linalemba manambala pamabogi osawerengeka linali lisanakokepo mchira. Anakoka. Mchira unatsika, unakhota, unabwerera kumanzere pansi pa dzina, wonenepa pena, wowonda pena. Pofuna kupiringiza nsonga bulashi inatsetsereka, penti n'kudontha kutsika khoma.

"Wakhota," anatero a Pearson, akupuma ngati asenza thumba la chimanga. "Ndiufuta ndiyambirenso."

"Musaukhudze!" anatero a Nooruddin. "Khoma ndi langa. Usiyeni choncho."

A Pearson anatsika, anapukuta manja ndi kansanza, nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi. Poyankhula sanayang'ane munthu.

"Aleck ndi mnyamata. Manja ali nawo, dothi ku Bangwe silinathe. Akaumbe njerwa zake. Amalume a ku Thyolo ndiyankhula nawo ndekha." Anakhosomola. "Koma njinga yokha atenge, ndinanena kale."

"Atenge," anatero a Martha.

Anatsuka bulashi m'palafini, anaipsinya pakati pa zala, anaiwongola tsitsi n'kuigoneka m'bokosi pamalo pake. Esther anawerama kuti asenze, koma a Pearson anali atalinyamula kale.

Anakwera msewu atatu, a Nooruddin ataima pakhonde akuyang'anabe khoma lawo. Pa mphambano ya patiyirumu pamene njira ya kumalayini a njanji imapatuka, a Pearson anaima. A Martha anatambasula manja kuti alandire bokosi, poganiza kuti apa ndi posiyana. Koma alamu awo sankayang'ana iwo. Ankayang'ana m'mwamba, pa zilembo zotuluka nthunzi zija, pamene mchira wofiira wosuluka ndi dzuwa unatuluka pa dzina la a Mohamedi n'kupiringizika kunsonga.

Anasinthira bokosi kudzanja lina, n'kukhotera kumene mchirawo unaloza.